Ndowa Makumi Anayi za Mayi Mabotolo

Pakoleji ya zaulimi anthu ankangomutchula kuti Mayi Mabotolo. Dzinalo linabwera ndi ntchito, chifukwa anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akutsuka mabotolo ndi timachubu tagalasi mu labotale yoyeza nthaka. Ankafika m'mawa ophunzira asanasukusule, kuvala gauni yoyera, n'kuima pasinki mpaka dzuwa kupendeka. Zala zake zinali zitayera mbuu ndi sopo ndi asidi.

Kwawo kunali kuseri kwa fakitale yakale yosungunula mabatire a galimoto. Fakitaleyo inatsekedwa kalekale, eni ake n'kukatsegula shopu ya mabatire atsopano m'tauni, koma anasiya chimulu cha phulusa lotuwa lodzaza mtovu, chitsulo cha poizoni cha m'mabatire, m'mbali mwa mpanda. Mvula ikagwa, madzi a pachimulupo ankatsikira m'mabwalo a nyumba zonse za mzere umenewo. Chimanga ukabzala chinkalekezera m'mawondo, masamba achikasu, n'kubereka kanthu konga chala. Mwamuna wake anagwira pang'anjo ya fakitaleyo zaka khumi ndipo anatulukamo ndi manja onjenjemera, moti tiyi ankamwera m'kapu yosadzaza.

Mu labotalemo munali mphunzitsi wachikulire amene ophunzira anamupatsa dzina loti a Magalasi. Tsiku lina iwo anaima pafupi ndi sinki.

"Mayi, ndamva kuti mumakhala kufakitale. Mungandibweretsereko dothi la pakhomo panu? Mukaonenso ngati pali udzu womera pachimulu penipeni. Mukaupeza muuzule ndi mizu yomwe."

Udzuwo anaupeza, wobiriwira bwino pamalo pomwe ngakhale chisoso chinkakana. A Magalasi anawiritsa timizu take, kutiviika mu inki ndi viniga, n'kumuitana kuti adzasuzumire pa maikulosikopu, makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Zaka zonsezo makinawo ankangowapukuta fumbi. Ataika diso anaona tiulusi tabuluu tolowa m'kati mwa muzu, tina titachita nthambi ngati timitengo.

"Ameneyo ndi bowa," anatero a Magalasi, "koma osati wa ndiwo. Satulukira pamtunda. Amakhala m'mizu. Mbewu imamugawira shuga, iye n'kumayenda ndi tiulusi take kukaisakira madzi ndi chakudya. Ndiye wa pachimulu panuyu anazolowera mtovu. Amaugwira, kuumangirira m'tiulusi ndi m'mizu, kuti wambiri usakwere kumtunda kwa mbewu."

"Ndiye kuti ndi mlonda wa pageti?"

"Mlonda, inde. Koma paja mlonda naye amawodzera. Sagwira akuba onse."

Kwa zaka zitatu awiriwo anaweta bowayo m'ndowa zakuda makumi anayi, mu shedi ya kuseri kwa labotale. M'ndowamo ankabzala anyezi ndi mapira kuti bowa apeze mizu yokhalamo. Wothirira anali Mayi Mabotolo, ngakhale Lamulungu.

Kenako a Magalasi anagwa ndi sitiroko ali m'kalasi. Anatuluka m'chipatala mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka. Pampando pawo panabwera bwana watsopano, munthu wa nsapato zowala ndi mapulani ambiri. Sabata yake yachiwiri anayendera shedi ija atagwira mphuno.

"Zinyalala zonsezi zichoke. Pofika Lachisanu ndipeze muli mbee, ndikufuna kuikamo mafiriji."

Lachinayi masana Mayi Mabotolo anaitana bambo wina wokankha ngolo, ndipo anayenda maulendo asanu, kudutsa pageti lalikulu mlonda akuona. Ndowa zonse zinakandandalikidwa kuseri kwa nyumba yake, pansi pa chingwe choyanikira zovala.

Lolemba bwana anamuitanitsa ku ofesi.

"Mayi, katundu wa koleji ali kuti?"

"Katundu uti, bwana?"

"Ndowa."

"Zija munati ndi zinyalala? Ndakataya."

"Mwakataya kuti?"

"Kwathu. Kwathu n'kumene aliyense amatayako zinyalala zake, bwana. Simunamve?"

Bwana anagogoda tebulo ndi cholembera. "Mukudziwa kuti kumeneko n'kuba?"

"Dothi lili mmenemo ndinasenza ndekha pamutu kuchokera pakhomo panga. Udzu ndinazula ndi manja angawa. Ngati nkhani ndi ndowa, mawa ndikubweretserani zopanda kanthu, zotsukatsuka. Kutsuka ndiye ndimatha."

"Tamverani, mayi. Inu si wasayansi. Mukakabzala zinthu m'dothi la poizoni, anthu n'kudya, n'kudwala, adzatchula dzina la koleji ino. Mubweze zonse tikazikwirire. Apo ayi, ntchito yatha."

Mawuwo sanali opusa, ndipo iye anadziwa zimenezo. Koma anadziwanso kuti anthu a mzere wawo ankadya kale za m'dothi limenelo, koleji ili chete. Anamasula mabatani a gauni, kuipinda bwinobwino monga ankachitira madzulo aliwonse, n'kuiika patebulo pamwamba pa mapepala a bwana.

"Thumba lakumanzere ndi lobooka," anatero. "Mumuuze amene adzavale."

Kunyumba mwamuna wake anamvetsera nkhaniyo atakhala pakhonde, n'kupukusa mutu.

"Akazi anga, ntchito ya zaka zonsezi mwaisinthanitsa ndi dothi? Dothi lomweli ladzaza bwalo lonseli?"

Mlongo wake wa mwamunayo ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, wolima mpiru wogulitsa kumsika, pakuti mpiru wokha ndiwo unkakondwa m'dothi limenelo. Anasuzumira pampanda n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Alamu, anzanu akachoka pantchito amabwera ndi malata kapena njinga. Inu mwabwera ndi manda a anyezi!"

"Sekani, alamu. Mano ndi anu."

Mvula itayandikira anakhuthula ndowa khumi pa chiguduli, kuduladula mizu ya anyezi ndi mapira ndi mpeni wa kukhitchini, n'kuisakaniza ndi dothi lake lomwelo. Bwalo analigawa pakati ndi chingwe. Mbali ya kumpanda, phando lililonse linalandira kadzanja ka dothi la m'ndowa asanaponyemo chimanga. Mbali ya kukhomo anabzala wamba. Feteleza sanathire, poti a Magalasi ankati mbewu ikakhuta za m'thumba imayamba kumunyoza bowa.

Chimanga chitamera anapita kukaona a Magalasi. Anawapeza pampando wa matayala pafupi ndi zenera, mkazi wawo akuwapukuta malovu. Anawafotokozera zonse, za ngolo, za gauni, za chingwe chogawa bwalo. Diso limodzi la nkhalambayo linaseka. Kenako inalimbana ndi lilime lake nthawi yaitali, thukuta kuchita kutuluka.

"Mu... sa... dye," inatero. "Ye... zani."

"Ndamva, aphunzitsi. Sitilawa mpaka tiyeze."

Pofika mwezi wachitatu, munthu wodutsa mumsewu ankaima. Mbali ya kukhomo chimanga chinali chomwe chija cha masiku onse, chachikasu, chofika m'mawondo. Mbali ya kumpanda chinamupitirira mwini wake, masamba obiriwira bii, mapesi onenepa ngati dzanja. Anthu a mumzeremo anayamba kubwera ndi timapepala ndi zitini.

"Tigawireniko mankhwala anuwo, mayi."

"Si mankhwala, ndi bowa. Ndipo sindikugawa mpaka ndidziwe."

"Mudziwe chiyaninso? Maso mulibe?"

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Anachoka akung'ung'udza kuti mayiyu ndi womana, kuti akufuna alemere yekha. Mlamu wake sanavutike n'kupempha. Analowa masana mwini wake atapita kumjigo, n'kutapa mbale yodzaza kukawaza m'mabedi ake a mpiru.

"Mwataya nthawi, alamu," anatero Mayi Mabotolo atazindikira. "Mpiru, kabichi ndi repu sizimulola bowa ameneyu kulowa m'mizu. N'zodzikonda ngati anthu ena."

Nkhondo yaikulu inali ya m'nyumba. Chimanga chitakhwima, tsiku lina anapeza mwamuna wake atakoleza mbaula, ziwiri zili pamoto zikununkhira. Anazilanda ndi manja, kupsa zala, n'kuziponya m'chidebe cha madzi.

"Chimanga cha pakhomo panga ndisadye?" anakalipa bamboyo. "Ine mtovu unandidya kale! Utenganso chiyani mwa ine?"

"Chimene chatsalacho ndi changa. Sindikuupatsa."

Bamboyo anakhala pansi, ndipo chimanga sanachikhudzenso.

Atakolola, Mayi Mabotolo anakonza timapepala ta khaki tisanu monga ankaonera mu labotale: njere za mbali ya bowa, njere za mbali yawamba, mapesi, mizu, ndi mpiru wa mlamu wake umene anachita kugula pabenchi ngati kasitomala. Anavala diresi lake la kutchalitchi n'kukalowera khomo la kutsogolo, limene zaka zonse zija sanalowerepo. Pakauntala panali Wamakina, mnzake wakale woyendetsa makina oyezera. Atamuona anayang'ana uku ndi uku.

"Mayi, mukufuna kundichotsetsa ntchito?"

"Ndipatseni fomu, achimwene."

Pamzere wofunsa ntchito analemba kuti mlimi. Asanamalize, bwana anatulukira.

"Inu simugwiranso ntchito pano."

"N'chifukwa chake ndalowera khomo ili. Chikwangwani chanu panjapo chikuti mlimi aliyense abweretse nthaka kapena mbewu zake. Chalembedwa kuti kupatula otsuka mabotolo?"

Panali alimi ena atatu pabenchi, ndipo onse anatembenuka kuyang'ana bwana. Iye anakonza tayi.

"Landirani," anauza Wamakina. "Zikatuluka zoipa, mundipatse ndizione ndisanasaine."

"Zikatuluka zabwinonso muzione," anatero Mayi Mabotolo.

Anadikira masabata awiri, matumba a chimanga ali pakona m'chipinda, osokedwa pakamwa. Tsiku lotenga zotsatira Wamakina anamulowetsa m'kachipinda ka makina n'kuyala pepala patebulo.

"Nambala iyi ndi malire. Chakudya chikapitirira apa, n'choopsa. Njere za mbali ya bowa zili pansi pa malire. Osati pansi kwambiri, koma pansi. Za mbali yawamba zapitirira. Mapesi musapatse ziweto. Mizu ndiye yadzaza mtovu, wonse unathera mmenemo."

Mayi Mabotolo anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Nanga mpiru?"

Wamakina anatsitsa chala mpaka pansi pa pepala. "Ndinayeza katatu, ndimaganiza kuti makina awonongeka. Mayi, mpiru umenewu akudya ndani?"

"Theka la tauni ino."

Potuluka anakumana ndi bwana m'khonde. Nkhope inali ina, mawu ofewa ngati a munthu wodzafunsira mbeta.

"Mayi, zotsatira zija n'zochititsa chidwi. Tikhoza kulembapo pepala lalikulu. Ndowa zija zitabwerera..."

"Zinyalala zija?"

"Ndinalankhula mofulumira."

"Sizibwerera. Ndikupatsani ziwiri, muziwete nokha, muzithirira ndi Lamulungu lomwe. Koma chaka chilichonse muziyeza mbewu za mzere wathu wonse, nyumba ndi nyumba. Papepala lanulo dzina loyamba likhale la a Magalasi. Langa mulembe lonse, limene anandipatsa bambo anga, osati Mabotolo."

Bwana anavomera. "Ndipo gauni yanu ikadalipo."

"Mupatse wina. Zala zanga zayamba kumera khungu."

Madzulo a tsiku limenelo anamasula thumba limodzi la mbali ya bowa, ndipo mwamuna wake anakazinga chimanga m'chiwaya n'kumatafuna pang'onopang'ono. Koma Mayi Mabotolo chakudya sichinalowe. Pepala lija linali m'thumba la diresi ngati khala la moto.

M'mawa anapeza mlamu wake akumanga mpiru m'mitolo. Anamuwerengera zonse, mosabisa.

"Ndiye mukuti chiyani?" anafunsa mlamuyo, manja ali m'chiuno.

"Ndikuti usapite kumsika."

"Anthu adya mpiru wanga zaka zingati? Wafa ndani?"

"Mtovu supha lero. Umayamba ndi mutu wa mwana, magazi, impso. Taonani manja a achimwene anu."

"Achimwene anali pang'anjo, sanali m'dimba! Inu chanu chapola, ndiye mwati muthire mchenga m'mbale mwanga? Ana anga adya pepala lanulo?"

"Tipeza njira, alamu. Dothi labwino tikhoza kukatenga kutsidya, mubzale m'matumba. Ndisenza nanu. Koma uwu ayi."

"Ndiletseni tione."

"Mukapita nawo, ine ndikaima pambali pa benchi lanu ndi pepalali. Aliyense wofuna kugula ndizimuwerengera."

Mlamuyo anaseka, kusenza dengu, ulendo. Ankaganiza kuti n'zoopseza chabe. Koma atangoyala mitolo yake, anaona Mayi Mabotolo ataima pambali, pepala m'manja. Mayi woyamba atatola mtolo, iye anayamba: "Pepani mayi, musanagule mumve izi." Anawerenga dzuwa lonse, mawu mpaka kusasa. Mlamu wake anamutukwana za makolo, za ubereki, za ntchito yotsuka mabotolo. Amayi ena ogulitsa masamba anamuzungulira, wina kumukankha paphewa, wina kumuwaza madzi a m'beseni. Iye anapukuta pepala pa diresi n'kupitiriza. Tsiku limenelo mpiru sunagulidwe ngakhale mtolo umodzi. Mawa lake anabweranso.

Kunyumba mwamuna wake anali pakati ngati nyama ya m'sangweji. "Ndi mlongo wanga ameneyo," anadandaula.

"Ndi mlamu wanga. Mukuganiza kuti ndikumva kukoma?"

Tsiku lachitatu mlamu sanapite kumsika. Kuyambira m'mawa kunkamveka khasu kuseri kwa mpanda, ndi kutukwana kosalekeza. Dzuwa lili pamutu, geti la Mayi Mabotolo linatsegulidwa ndi mwendo. Mlamu anakoka matumba asanu ndi limodzi odzaza mpiru, kuwaunjika pakhonde. Maso anali ofiira.

"Mwapambana. Nawu mpiru wanu. Ndipatse mbuzi?"

"Ayi, ulowa mumkaka."

"Ndipange manyowa?"

"Ubwerera m'dothi."

"Ndiotche?"

"Tipuma utsi wake."

"Nanga ndikautaye kuti, poti inu ndinu odziwa zonse?"

Mayi Mabotolo anayang'ana matumbawo, kuyang'ana mulu wa mapesi ndi mizu yake imene nayonso inalibe kopita. Amene analankhula anali mwamuna wake, ali pampando pake pakhonde.

"Katundu akasochera amabwezedwa kwa mwini wake."

Amayi awiriwo anayang'anana. Mlamu anamanga nsalu yake molimba.

"Itanani wangolo uja."

Shopu ya mabatire inali pamsewu waukulu, ya magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, matailosi owala, mtsikana wa pakauntala atapenta milomo. Anatsitsa matumba khumi ndi limodzi, a mpiru ndi a mapesi ndi mizu, n'kuwalowetsa m'kati mlonda asanamvetse chimene chikuchitika. Mpiru unali utayamba kuvunda ndi dzuwa, fungo lake linadzaza shopu yonse. Manijala anatuluka akuthamanga.

"Ichi n'chiyani? Muno si mumsika!"

"Tabweza mtovu wanu, bwana," anatero mlamu. "Munauiwala kwathu. Ife si akuba, sitisunga za eni. Uwu ndi wa chaka chino chokha, wina tikubweretserani ukakula."

"Fakitale ija inatsekedwa ine ndisanabwere!"

"Chimulu sichinatsekedwe. Chikugwirabe ntchito usana ndi usiku, osapita ndi kutchuthi komwe."

Makasitomala anayamba kuseka, ena kujambula ndi mafoni. Manijala anaitana wapolisi wa pamsewu. Wapolisiyo anabwera ndi ukali wake, koma Mayi Mabotolo anamupatsa pepala lija, lokhala ndi chidindo cha koleji ndi siginecha ya bwana. Anawerenga mpaka pansi, n'kubwerezanso.

"Mpiru umenewu mumagulitsa msika uti?"

Mlamu anatchula.

"Benchi la pafupi ndi mpopi?"

"Lomwelo."

Wapolisiyo anapinda pepala pang'onopang'ono n'kulibweza. "Akazi anga amagula pamenepo," anatero. Kenako anatembenukira kwa manijala. "Bwana, apa sindikuona mlandu wa amayiwa. Katunduyu musunge bwino, a zaumoyo adzafuna kumuona."

Pobwerera anayenda wapansi m'mbuyo mwa ngolo yopanda kanthu.

"Musaganize kuti ndakukhululukirani," anatero mlamu.

"Sindinapemphe."

"Mawa mundiperekeze kutsidya. Matumba makumi awiri a dothi, ndipo olemera musenza ndinu."

"Ndamva, alamu."

Eni fakitale sanagonje tsiku limodzi. Panafunika maulendo ena atatu a ngolo, ndipo ulendo womaliza unali ndi amayi khumi ndi anayi a mumzeremo, aliyense ndi thumba lake. M'chilimwe kunabwera malole awiri amene anachotsa theka la chimulu, theka linalo n'kuliphimba ndi lona amene mphepo inang'amba mwezi usanathe. Makalata okakamiza kuti amalize akulembedwabe, ndipo amalemba ndi mwamuna wa Mayi Mabotolo, zilembo zokhotakhota koma zowerengeka.

Mvula yotsatira nyumba zisanu ndi zinayi zinabzala chimanga ndi kadzanja ka dothi la m'ndowa paphando. Zitayezedwa, zisanu ndi ziwiri zinapezeka pansi pa malire. Ziwiri zoyandikana kwambiri ndi chimulu zinapitirira, ndipo Mayi Mabotolo anapita yekha kukawauza eni ake kuti asadye. Nyumba imodzi anamulandira ndi mpando. Inayo anamutsekera chitseko, iye n'kuwerenga pepalalo mokweza ali panja, pazenera la kukhitchini.